KU KAFUE: INJINI YA BWATO IKAKANA KULIRA

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wolowera kumwera, akapitirira Chilanga nayenda makilomita ngati 45, amatsikira m'cigwa cotakasuka m'mene muli tauni ya Kafue. Kumanzere kwake kuli mapiri, kumanja dziko langoti see kufikira kumene maso alekezera. Coyamba cimene mlendo aona ndi macumuni a mafakitale ndi mizere ya nyumba za ku Kafue Estates. Pambuyo pake aona msika, masitolo ndi amai ogulitsa nsomba m'mbali mwa mseu. Apaulendo ambiri sacedwa pano. Amagula ndiwo zao naoloka ulalo, ena kupita ku Mazabuka ndi ku Livingstone, ena kupatukira ku Chirundu. Koma wofuna kuidziwa bwino tauni iyi ayenera kutsikira ku mtsinje umene unaipatsa dzina, makamaka m'masiku oyamba a mwezi wa March pamene asodzi abwerera pa madzi.

Njanji ndiyo inabala tauni ya Kafue. Ulalo wa sitima unamangidwa m'caka ca 1906, pamene njanji inali kulinga ku Broken Hill, kumene lero tikucha Kabwe. Ulalowo uli ndi zigawo 13, utali wake ndi mamita 427, ndipo kufikira lero sitima zioloka pomwepo. Ulalo wa magalimoto unadza mocedwa, mu 1949, pamene a Beit Trust anabweretsa zitsulo za ulalo umene unagwira nchito pa mtsinje wa Thames ku London m'nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Umene magalimoto aolokapo masiku ano unamangidwa ndi thandizo la boma la Japan, nutsegulidwa mu 1993.

Ufulu utabwera mu 1964, Boma kupyolera m'bungwe la INDECO linasankha Kafue kuti ikhale tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga fataleza, inayamba nchito mu 1970. Pafupi nayo panali Kafue Textiles of Zambia yoomba nsalu, ndi fakitale ya Bata yofufuta zikopa. Anthu anabwera kudzafuna nchito kucokera ku zigawo zonse za dziko, ndi a kum'mawa omwe, a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Mafakitale atayamba kufooka m'zaka za m'ma 1990, ndipo ya nsalu itatsekedwa pambuyo pa caka ca 2000, mabanja ambiri anatembenukira ku mtsinje, ena kukagwira nsomba, ena kukagula ndi kugulitsa.

MTSINJE PAKATI PA MADAMU AWIRI

Kumtunda kwa tauni, cakumadzulo, mtsinje wa Kafue umayenda mwaulesi m'dambo lalikulu lochedwa Kafue Flats, lotalika makilomita ngati 240. M'menemo muli mathamanda, zisumbu, bango ndi timitsinje tokhotakhota tosokoneza mlendo. Ndi dziko la ng'ombe za Aila ndi Atonga, ndiponso kwao kwa Abatwa amene anali asodzi a m'damboli kuyambira kale. Kumunsi kwa tauni mtsinje umalowa m'mpata wa mapiri, nugwa mamita oposa 500 usanakathire mu Zambezi pafupi ndi Chirundu. Pa mpatapo pali damu la Kafue Gorge limene linayamba kupereka magetsi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumutu kwa dambo kuli damu la Itezhi-Tezhi lomalizidwa mu 1977. Cotero madzi a pa Kafue amakwera ndi kutsika potsata mvula ndiponso potsata zitseko za madamu awiriwa.

Misasa ya asodzi iri kutali m'kati mwa dambo, kumene galimoto siifika m'nyengo ya madzi. Nsomba za bream ndi milamba zimatuluka m'menemo pa bwato kudzafika pa madooko onga la Chanyanya, kumadzulo kwa tauni, ndi ena a pafupi ndi maulalo. Msodzi wamba akali kupalasa bwato losema ndi nkhafi, monga anacitira makolo ake. Koma wamalonda wopita ku misasa ya kutali amadalira bwato lalitali la faiba, limene anthu alicha banana boat, lokhala ndi injini kumbuyo. Bwato lomwelo limapita ndi unga, mcere, sopo ndi madzi oundana, ndipo pobwera limanyamula nsomba, ana a sukulu, ndi nthawi zina wodwala kapena mai wodwala pakati wothamangira ku cipatala.

Injini yomangirira kumbuyo kwa bwato ndi cinthu cakale. Ole Evinrude wa ku America anapanga yake mu 1909, ndipo kuyambira pamenepo zafalikira pa nyanja ndi mitsinje ya dziko lonse. Zambiri za pa Kafue ndi za mtundu wa two-stroke, zonga Yamaha Enduro, za mphamvu ya mahachi 15, 25 kapena 40, zimene zimamwa petulo wosakaniza ndi oilo, ndipo zimalizidwa pokoka cingwe. M'maiko olemera injini zatsopano zimayendetsedwa ndi kompyuta, koma asodzi a kuno amakonda za kabuleta pa cifukwa cimodzi cacikulu: munthu wokhala ndi sipanala, sikuludiraiva ndi mutu wodekha angathe kuzikonza pansi pa mtengo.

MWEZI WA MARCH PA DOOKO

Caka ndi caka, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, a Dipatimenti ya za Nsomba amatseka usodzi pa Kafue kuti nsomba ziswane. Lamulo iri ndi labwino, pakuti popanda ilo ana athu sadzapeza kanthu m'madzi. Koma miyezi itatu imeneyi ndiyo ya mvula, ndipo injini zambiri zimaigonera m'kona mwa nyumba kapena pansi pa khonde, petulo wa mu November ali m'kati. Tsiku lotsegulira likafika, pa dooko pamamveka phokoso limene aliyense wa pa Kafue alidziwa: cingwe cikokedwa, injini ipota, nitsokomola kamodzi, ningoti zii. Mwini bwato akokanso kawiri, kakhumi, kufikira phewa liwawa ndi thukuta liyenderera, dzuwa liri kukwera ndipo madzi oundana ali kusungunuka m'bokosi.

Kukana kwa injini sikuli kanthu kakang'ono kwa anthu awa. Ikakana pa dooko, ulendo wa tsikulo wafa, ndipo nsomba za ku msasa zigulidwa ndi wina. Ikakana pobwerera, nsomba zaziwisi zimayamba kununkha dzuwa lisanapendeke, ndi ndalama za ngongole zimaolera m'bwato. Ikakana madzulo pakati pa dambo, anthu agona pa madzi pamodzi ndi udzudzu, mvuu ndi ng'ona. Ndipo pali citayiko cina cosaoneka msanga: mwini injini wothedwa nzeru amalola aliyense wodzicha makanika kuimasula yonse, nagula zitsulo zatsopano zosafunika, pamene colakwa cinali kanthu kosafuna ngakhale ngwee imodzi.

Amisiri okhwima a pa mtsinje amagwirizana pa mfundo imodzi. Injini imene ipota koma siilira siinafe. Iri kusowa cimodzi mwa zinthu zitatu. Ifuna petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, ifuna moto wa pa pulagi wofika pa nthawi yake, ndipo ifuna mphamvu yopanikiza zimenezi m'kati mwa silinda. Nchito ya munthu ndi kufunsa zitatuzi cimodzicimodzi, kuyambira pa capafupi ndi cosadya ndalama, kumalizira pa covuta. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa injini mau amenewa ali oona ndithu.

ZA PAFUPI ZIMENE ANTHU AIWALA

Sipanala isanagwidwe, maso ayambe agwira nchito. Pa injini zambiri pali siwici yozimitsira yokhala ndi kacingwe kofiira kamene woyendetsa amamanga pa dzanja, kuti akagwa m'madzi injini izime. Kapulasitiki ka kumapeto kwa kacingweko kakacoka, kapena kakapanda kulowa bwino, injini idzapota tsiku lonse osalira, cifukwa moto wa pa pulagi wadulidwa dala. Pambuyo pake aone kuti giya iri pa nyutulo ndi kuti cogwirira ca mafuta ciri pa malo olizira.

Tsono atembenukire ku thanki. Kodi muli petulo, ndipo kodi thanki yakhala mowongoka kuti paipi ya m'kati ifike pa petuloyo? Pa civindikiro ca thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Anthu amakatseka ponyamula thanki kuti petulo asatayike, naiwala kukatsegula. Thanki yotsekedwa cotero iri ngati cigubu cimene munthu ayesa kumwa madzi ake osalola mpweya kulowa: cimapereka pang'ono, kenaka cikana. Pa paipi yocokera ku thanki pali kampira kofinya, kokhala ndi muvi wosonyeza kumene petulo ayenda. Muviwo uloze ku injini. Kampirako kafinyidwe kufikira kalimba. Kakapanda kulimba, ndiye kuti paipi yang'aluka ndipo iri kukoka mpweya, kapena columikizira sicinakhale bwino, kapena singano ya mu kabuleta siitseka, ndipo pamenepo petulo amaoneka akudontha ndi kupanga mawanga pa madzi.

PULAGI NDIYO MBONI

Zonsezi zikakhala bwino, pulagi imasulidwe, pakuti ndiyo mboni yoona zocitika m'kati. Ikatuluka youma pambuyo pa kukoka kwambiri, petulo safika. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha petulo, petulo afika koma sapsa: mwina waculukitsa, mwina moto palibe. Ikakhala yakuda ndi yonata, oilo anaculuka m'cosakaniza kapena injini inayenda nthawi yaitali pang'onopang'ono. Ikakhala ndi timadontho ta madzi, mlandu uli pa petulo wa madzi kapena pa gasketi yoboola.

Kuculukitsa petulo kumacitika kawirikawiri pa Kafue, ndipo cifukwa cake cimodzi ndi ca malo. Tauni iyi iri pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene mpweya uli wopepukirapo. Injini ifuna magawo ngati 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake, ndipo imene inacunidwira ku gombe la nyanja yamcere ikafika kuno imalandira petulo woposerapo pang'ono pa mpweya umene ipeza. Tsono munthu akakoka choke, nafinya kampira kosaleka, nakoka cingwe kambirimbiri, injini imatsamwa. Choke ndi ya injini yozizira, makamaka m'mamawa a June ndi July. M'kutentha kwa October, kapena injini ikangozima iri yofunda, siifunika. Mankhwala a injini yotsamwa ndi apafupi: abwezere choke, amasule mapulagi nawaumitse, akoke cingwe kangapo mapulagi ali kunja ndi siwici yozimitsira itadula moto kuti petulo woculukayo atuluke, kenaka abwezere zonse nalize wopanda choke.

Poyesa moto, pulagi ivekedwe cipewa cake, thupi lake likhudzitsidwe pa citsulo ca injini copanda penti, kutali ndi bowo la pulagi ndi kutali ndi petulo wotayika, ndipo mnzake akoke cingwe. Izi zicitike pa mthunzi, pakuti pa dzuwa moto suoneka. Wogwira agwire pa mphira, manja ali ouma, cifukwa magetsi ake amagwedeza koopsa. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo ndipo umathetheka momveka. Wofiirira ndi wofooka sukwanira m'kati mwa silinda. Moto ukasowa, ayese pulagi ina yodziwika kuti ndi yabwino. Ukasowabe, acotse waya wa siwici yozimitsira pa columikizira cake nayesenso, cifukwa cinyontho ca miyezi ya mvula cimadya siwici imeneyi m'kati. Moto ukabwera, wolakwa wapezeka, ndipo siwiciyo ikonzedwe bwato lisanacoke pa dooko. Aonenso mawaya onse ngati makoswe sanawatafune m'nyumba, ndi ngati dzimbiri silinagwire pamene waya amangika ku thupi la injini. Koilo ndi kabokosi kakuda ka CDI zimaonongeka ndithu, koma mwa kamodzikamodzi, ndipo ndi zodula. Munthu asagule zimenezi zina zonse zisanayesedwe.

PETULO WA M'ZIGUBU

Moto ukakhalapo koma pulagi iri youma, pali kayesedwe kamene kamathetsa mkangano msanga. Athire petulo wosakaniza wokwana kasupuni kamodzi m'bowo la pulagi, abwezere pulagi, nakoke cingwe. Injini ikalira kamphindi nizimanso, yanena yokha kuti moto ndi mphamvu ziri bwino, koma cakudya sicifika. Apa ndipo nkhani ya petulo iyambira, ndipo pa Kafue ndiyo nkhani yaikulu koposa zonse.

Ku misasa ya m'dambo kulibe mapampu a petulo. Petulo amapita kumeneko m'zigubu ndi m'migolo, nagulitsidwa m'mabotolo. Mgolo woima pa mvula umasunga madzi pamwamba pake, ndipo usiku ukazizira umakoka madziwo kupyolera m'civindikiro. Thanki yokhala ndi petulo wocepa imacita thukuta m'kati. Ogulitsa ena osakhulupirika amaonjezamo parafini. Popeza madzi ndi olemera kuposa petulo, amakhala pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pamene paipi ya thanki imayamwa. Kuyesa kwake nkosavuta: athire petulo pang'ono m'botolo loyera loonekera m'kati, aliimike kamphindi, ndipo ngati muli madzi adzaoneka pansi ngati mkanda kapena ngati mzere wosiyana. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo, ndipo pa kambaleko pali sikuluwu yokhetsera. Aimasule, akhetsere m'kacitini, afinye kampira kufikira petulo woyera atuluka. Sefa ya petulo itsukidwenso. Petulo wa madziyo asatayidwe mu mtsinje, pakuti madzi omwewo ndiwo amwedwa ndi anthu a pa Kafue, ndipo pa Iolanda amapopedwa kupita ku mipopi ya mu Lusaka.

Mdani waciwiri ndi petulo wokalamba. Petulo akakhala miyezi, mbali yake yopepuka, imene imagwira moto msanga, imauluka, ndipo cotsala cimasanduka utomoni wonata wonunkha ngati vanishi. Mu kabuleta muli majeti, timabowo ta mkuwa tating'ono, tina tocepa kuposa diso la singano. Kocepetsetsa ndi kamene kamadyetsa injini polira ndi poyenda pang'onopang'ono, ndipo ndiko kamayamba kutsekeka. Ici ndico cifukwa cake injini imene inayenda bwino pa 30 November imakana pa 1 March, ngakhale palibe munthu anaikhudza.

Kutsuka kabuleta kufuna ulemu. Nchito iyi icitikire pa mtunda, pa nsalu yoyera yoyalidwa, osati m'bwato, cifukwa jeti yogwera mu Kafue siipezekanso. Asanamasule sikuluwu yocunira mpweya, aipotoze mofatsa kulowa m'kati kufikira itakhala, akuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti pobwezera aiike monga inaliri. Majeti aviikidwe m'mankhwala otsukira kabuleta kapena m'petulo woyera, napemereredwe ndi pampu ya njinga, ndipo munthu awayang'ane pa kuwala kuti aone ngati bowo latseguka. Waya ndi singano yosokera siziyenera kulowamo. Mkuwa ndi wofewa. Bowo likakula, injini idzamwa petulo mopitirira masiku ake onse. Kacidutswa ka nayiloni ya mbedza kangathe kucotsa litsiro osaononga. Aonenso fuloti, kanthu koyandama m'kambale, kuti sikanaboole ndi kumwa petulo, ndi kuti singano yake siinamatirire.

Pa kusakaniza, buku la injini ndilo liyenera kumvedwa. Injini zambiri za mtundu uwu zifuna gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 20 pa lita imodzi, kapena theka la lita pa malita 25. Oiloyo akhale wa two-stroke wa injini za pa madzi, osati wa galimoto. Woyesa ndi maso amalakwa mbali zonse ziwiri: akaculukitsa, pulagi imada ndipo injini ivuta kulira, akacepetsa, injini imadzidya m'kati.

MPHAMVU YA M'KATI NDI UDZU WA PA KAFUE

Petulo ndi moto zikapezeka bwino koma injini ikanabe, catsala ndi mphamvu yopanikiza. Dzanja lozolowera limaidziwa pa cingwe: injini yamoyo imalimbana ndi wokoka, yotha imangobwera mopepuka. Munthu angathenso kutseka bowo la pulagi ndi cala cacikulu mnzake akukoka pang'onopang'ono. Mpweya uyenera kukankha calaco mwamphamvu. Makanika weniweni ali ndi geji yoyezera, ndipo amayerekeza masilinda onse awiri. Akasiyana kwambiri, maring'i a pisitoni atha kapena amatirira, kapena gasketi ya kumutu yapsa. Apa mwini injini aleke, aipereke kwa mmisiri wodziwika.

Kutha kwa mphamvu kumeneku kawirikawiri kumayambira kunja kwa injini, pa udzu woyandama wa maluwa okongola umene a Zambia aucha Kafue weed ndi a ku Malawi namasupuni. Udzu uwu kwao ndi ku South America. M'zaka za m'ma 1990 unaculuka kotero kuti unaphimba mtsinje pafupi ndi maulalo, nusautsa asodzi ndi a magetsi omwe, ndipo kufikira lero sunathe. Injini ya bwato imaziziritsidwa ndi madzi a mu mtsinje olowera pa timabowo ta pa mwendo wake. Mizu ya udzuwu, kapena pepala la pulasitiki, ikatseka timabowoto, injini imatentha m'mphindi zowerengeka. Cifukwa cake woyendetsa wanzeru amaceukira kawirikawiri kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Kakaleka, azimitse pomwepo. Pa cifukwa comweco injini siiyenera kulizidwa pa mtunda popanda madzi, pakuti kamphira kopopa madzi kamapsa msanga.

Pali cinanso cimene cimasokoneza ngakhale amisiri. Pulopela ikagunda citsa kapena mwala injini iri pa liwiro, kacitsulo kakang'ono kokhoma gudumu lolemera la pamwamba pa injini kangathe kuduka. Gudumulo limasendera pang'ono, ndipo moto umaoneka bwino pa pulagi koma ufika pa nthawi yolakwika. Injini imaphulika, nibweza cingwe mwaukali, koma siilira. Cifukwa cake funso loyamba la makanika wabwino limakhala lakuti: cinacitika nciani tsiku lomaliza limene inayenda? Mwini injini ayankhe zoona, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

IKAKANA PAKATI PA MADZI

Zonse zanenedwazi ndi zosavuta pa dooko. Pakati pa madzi, coyamba si injini koma anthu. Bwato liimitsidwe ndi nangula kapena lipalasidwe kufikira pa malo otetezeka, kutali ndi mathamanda a mvuu, cifukwa mphepo imakankha bwato pamodzi ndi zisumbu za udzu, ndipo woweramira pa injini sazindikira kuti watengedwa. Okwera akhale pansi, asaunjikane kumbuyo kudzaonerera, pakuti bwato lolemera kumbuyo limamwa madzi. Fodya azimitsidwe. Munthu asalowe m'madzi kukacotsa udzu pa pulopela. Injini ipendeketsedwe m'mwamba, iri yozima, ndipo udzu ucotsedwe ali m'bwato, cifukwa ng'ona za mu Kafue sizicenjeza. Amene ali ndi injini yolizira batire asaipotetse kopitirira timphindi tocepa pa nthawi imodzi; batire ikatha, mabvuto akhala awiri.

M'bwato liri lonse la injini muyenera kukhala nkhafi ziwiri, nangula ndi cingwe cake, majaketi oyandamitsa okwanira onse, cotungira madzi, toci, ndi kacitini kotseka bwino kokhala ndi mapulagi awiri atsopano, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, pulayala, cingwe cina colizira ndi nsalu youma. Mtengo wa zonse za m'kacitinika sufika pa mtengo wa bokosi limodzi la nsomba zoola.

NCHITO YA MU NOVEMBER

Injini ya mu March imakonzedwa mu November. Pa ulendo womaliza usodzi usanatsekedwe, mwini wake acotse paipi ya petulo injini iri kulira m'madzi, ailole kuti imalize za mu kabuleta, kenaka amasule sikuluwu yokhetsera kuti kambale kaume. Athire madontho a oilo m'mabowo a mapulagi, akoke cingwe pang'onopang'ono kuti oiloyo afalikire, nabwezere mapulagi. Injini isungidwe coimirira, pa malo ouma, yophimbidwa koma yopitidwa mphepo. Petulo wotsala m'thanki asadikire March. Tsiku lotsegulira likayandikira, agule watsopano pa pampu m'tauni, amsefe pa nsalu yoyera pothira, ndipo aiyese injini mu mgolo wa madzi masiku awiri kapena atatu ulendo usanafike, kuti ngati pali cosowa apeze nthawi yocifuna ku Lusaka.

Ofuna kudziwa zambiri afunse alangizi a za nsomba a m'dera lao. Likulu la dipatimenti yao liri ku Chilanga, ndipo m'boma la Kafue lomweli muli sukulu ya Kasaka yophunzitsa za usodzi. Owerenga a ku midzi ya kutali ndi mtsinje asayese kuti nkhani iyi ndi ya asodzi okha. Pampu ya petulo yothirira dimba ku Katete, njinga yamoto ya ku Lundazi ndi jenereta ya pa sitolo ku Nyimba ziri ndi kabuleta ndi pulagi monga injini ya bwato, ndipo nazonso zimagona miyezi ya mvula petulo ali m'mimba. Zikakana kulira, mafunso ndi omwewo atatu, ndipo afunsidwe mwa dongosolo lomwelo: petulo afika kodi, moto ulipo kodi, mphamvu ikalimo kodi. Mwini makina amene ayamba wayang'ana siwici, civindikiro ca thanki ndi pulagi asanaitane munthu womasula, nthawi zambiri adzapeza kuti ndalama za makanika zatsala m'thumba, zokagulira ana mabuku.